Chitseko cha Lachinayi

Buku la dera linali lakale kuposa nsapato za aliyense pamishoni. Chikuto chake anachimata ndi tepi, ndipo m'kati munali zolemba za manja osiyanasiyana, za atsikana amene anabwera, kugwira ntchito ya Mulungu zaka ziwiri, n'kubwerera kwawo. Aliyense ankasiyira womutsatira. Nyumba yakuti kuli galu. Nyumba yakuti musapiteko, bambo ake amatukwana. Nyumba yakuti amapereka tiyi koma ukatchula Yesu amayang'ana wotchi.

Chaka chimenecho bukulo linali m'manja mwa mtsikana amene anzake ankamutcha Kalembera, chifukwa panalibe chodutsa pamaso pake osachilemba. Anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo anali atakhala m'dziko la eni miyezi isanu ndi itatu. Chilankhulo cha kumeneko ankachiwerenga bwino kuposa kuchilankhula. Akatsegula pakamwa m'sitolo, wogulitsa ankangoyang'ana chala chake kuti aone chimene akuloza. Woyenda naye anali Wailesi, mtsikana wojintcha amene ankalankhula ngakhale akutsuka mano. Lamulo loyamba la mishoni linali lakuti awiriawiri: osasiyana, ngakhale pokagula buledi.

Masiku awo ankafanana ngati mazira. Pemphero, tiyi, kupukuta nsapato, basi ya m'mawa, kenako zitseko. Zambiri sizinkatseguka. Zotseguka zinkatsekedwa Kalembera asanamalize moni. Madzulo ankaviika mapazi m'beseni limodzi, Wailesi akutsanzira nkhope za anthu amene awakana tsikulo.

M'buku lonselo munali tsamba limodzi lokha limene Kalembera ankalitsegula mtima uli m'malo. Pamwamba pake, ndi inki yofwifwa, wina analemba kalekale: "Nambala 14, nyumba yosanja ya kuseri kwa depoti ya mabasi, nsanjika yachisanu. Gogo wamwamuna, ali ndi nthenda ya pakhungu, safuna kuonedwa. Satsegula. Muziwerenga muli panja, Lachinayi lililonse, 10 koloko m'mawa. Akagogoda kamodzi, pitirizani. Akagogoda kawiri, basi, zipitani." Pansi pake panali madeti a zaka zisanu ndi chimodzi.

Nyumba yosanjayo inalibe chikepe. Masitepe ake ankanunkha mankhwala okolopera ndi kabichi wophika dzulo. Khonde la nsanjika yachisanu linalibe zenera, moti ngakhale dzuwa lili pamutu munali mdima. Nyale yake inali yodina batani, ndipo inkazima yokha pakapita mphindi ziwiri. Kumapeto kwenikweni, pakona, zitseko ziwiri zinayandikana, 14 ndi 15. Pa 15 nthawi zonse pankalendewera loko wamkulu, eni ake atapita kuntchito. Wailesi ankatsamira chitseko chimenecho, dzanja lili pabatani.

"Agogo, tabwera," Kalembera ankatero m'chilankhulo cha eni dziko, n'kutsegula Baibulo.

Ankawerenga pang'onopang'ono, lilime likupunthwa pa mawu aatali. Akafika kumapeto kwa ndime ankaima. Pamenepo khonde linkati zii, mpaka kumva madzi akuyenda m'mapaipi. Kenako, go. Kamodzi, chapansi. Iye n'kupitiriza.

"Chibwenzi chako chimenechi n'chosaononga ndalama," Wailesi ankatero potsika. "Sichipempha chithunzi, sichifunsa kuti unali kuti. Ine atandipezera wotere, mawa lomwe ukwati."

"Pakamwa pakopo padzakupweteketsa."

"Nanga asisi, mwamuna wongoti go, go, akusiyana pati ndi mtondo?"

Kalembera ankaseka, koma mumtima ankadziwa kuti m'miyezi isanu ndi itatu munthu yekhayo amene anamuuzapo kuti pitiriza anali ameneyo. Anali atalembera amayi ake za Agogo a Lachinayi, ndipo amayi ake anali atauza azimayi a kumpingo. Tsopano kwawo kunali gulu la azimayi lopempherera nkhalamba imene ngakhale iye mwini anali asanaione.

Lolemba lina Amayi Aakulu, amene ankayang'anira mishoni, anaitanitsa mabuku onse. Anali mayi wouma thupi, wa magalasi olendewera pachingwe, ndipo anali ndi cholembera chofiira. Atsikana anali atachepa, madera akuchuluka, ndiye maina osabala zipatso ankadulidwa. Atafika pa tsamba la nambala 14 anavala magalasi.

"Zaka zisanu ndi chimodzi. Iwe unamuonapo?"

"Ayi, Amayi."

"Mawu ake unawamva?"

"Amagogoda."

"Gogomole nayenso amagogoda, mwana wanga, koma sitimubatiza." Anagogoda patebulo ndi cholembera chija. "Lachinayi lino mukamuone nkhope. Mukalephera ndidula dzinali, ndipo Lachinayi muzipita ku dera la kumafakitale. Wamva?"

"Ndamva, Amayi."

Masana a tsikulo, Wailesi akuchapa masokosi, Kalembera anakhala pabedi n'kuwerenga tsambalo kuyambira pamwamba, chinthu chimene anali asanachitepo. Zaka zinayi zoyambirira zinali zofanana. "Salimo 23, wagogoda kawiri patatha mphindi makumi awiri." "Watopa msanga lero." "Akutsokomola." Kenako, zaka ziwiri zapitazo, dzanja la mtsikana wina wolemba mopendekeka linalemba mizere inayi.

"Sanayankhe."

"Sanayankhe. Pakhonde pakununkha."

"Sanayankhe. Pakhonde akolopa ndi mankhwala ambiri."

"Wayankha, Ambuye alemekezeke. Koma akugogoda chapansi. Mwina wafooka, wagona pansi."

Kalembera anatsitsa chala mpaka kumapeto kwa tsamba, n'kutembenuza. Kuchokera pa mzere umenewo, panalibe aliyense amene analembapo za kutsokomola. Panalibenso amene analemba kuti agogo agogoda kawiri. Iye mwini, m'miyezi isanu ndi itatu, ankangosiya ola likakwana. Anatseka buku, n'kuliika pansi pa pilo, kenako n'kulichotsapo n'kuliika pawindo.

Lachinayi sanakwere masitepe. Anatsikira kuchipinda cha pansi, kumene kunkakhala bambo wosamalira nyumbayo, amene iwo ankamutcha Bambo a Makiyi. Anamupeza akudya buledi pafupi ndi thanki ya madzi otentha, makiyi atapachikika pa bolodi kumbuyo kwake. Kalembera anali atakonzeratu mawu ake m'basi.

"Bambo, tikufuna kuona agogo a mu 14. Mungatithandize kuwapempha kuti atsegule?"

Bamboyo anasiya kutafuna. "Mu 14?"

"Eya."

"Mwana wanga, mkulu ameneyo tinamutulutsa ndi machira zaka ziwiri zapitazo. Anafera pampando, kuseri kwa chitseko. Tinadziwa ndi fungo. Ana ake akulimbirana nyumbayo kukhoti, ndiye palibe amene analowamo."



"Koma mumationa tikukwera," Kalembera anatero. "Sabata iliyonse."

"Ndimakuonani. Ndimati ndi mwambo wa mpingo wanu kuwerengera akufa. Mipingo ndi yambiri, ine sindilowerera."

Wailesi anamukoka dzanja la juzi. "Tiye tizipita. Amayi Aakulu adule dzinalo, alidule kawiri. Ine ndakhala ndikunena zachibwenzi pakhomo pa maliro, ndiye ukuti ndikwerenso?"

Kalembera anayang'ana khomo lotulukira. Koma anaganiza za cholembera chofiira, ndi kuti Lachinayi likubwerali khonde lija lidzakhala zii kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Chimene chinkagogodacho, kaya n'chiyani, chinkadikira 10 koloko.

"Bambo, titsegulireni. Anatiuza kuti tikaone nkhope."

Bamboyo anapukuta manja pa ovolosi, n'kutenga mulu wa makiyi. Ankakwera akupuma pa nsanjika iliyonse. Hamala imene inali m'thumba lake inkagunda chitsulo chogwirira, ndipo phokoso lake linkatsika mpaka pansi n'kubwereranso.

Chitseko cha 14 chinatseguka movutikira. Munatuluka mpweya wozizira, wonunkha ngati sutikesi yakale. Kuwala kotuwa kunkalowa pa katani yong'ambika. Pafupi ndi chitseko, pamtunda wa phazi limodzi, panali mpando wandalema woyang'ana kukhonde, pakati pake pali pobooka chifukwa chokhalapo. Ndodo inatsamira m'mbali mwake. Fumbi linali litaphimba pansi ponse, losalala, lopanda phazi la munthu ngakhale la khoswe.

"Mwaona?" Bambo a Makiyi anatero. "Nkhope yake ndi imeneyo."

Wotchi ya Kalembera inali itangopitirira 10 koloko. Anaima pakhomo pamene ankaima nthawi zonse, n'kutsegula Baibulo.

"Iwe, wapenga?" Wailesi ananong'ona.

Kalembera anawerenga ndime imodzi akuyang'ana mpando wopanda munthu. Atafika kumapeto anaima.

Go.

Bambo a Makiyi anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. Nyale ya pakhonde inazima, ndipo panalibe amene anadina batani, chifukwa Wailesi anali kale pa masitepe. Ndodo ija sinasunthe. Kalembera anaiyang'anitsitsa, ndipo sinasunthe ngakhale pang'ono. Koma makutu ake anali atamva kanthu kena. Chitseko chili chotsegula chonchi, kugogodako sikunachokere kumpando. Kunachokera kumanzere.

Analowa, nsapato zake zikusiya mapazi oyamba m'fumbi. Anagwada pakona, n'kuika chikhatho pakhoma. Pansi pake panali kamulu ka laimu wogumuka, woyera, watsopano pamwamba pa fumbi lakale. Ananena pamtima vesi limodzi lalifupi, n'kukhala chete.

Go. Analimva m'chikhatho, mpaka m'chigongono.

Anatuluka n'kudina batani yekha. "Bambo, mu 15 mumakhala ndani?"

"Mwamuna wina, amayendetsa malole. Amachoka m'mamawa, amabwera madzulo. Amakhala yekha."

"Yekha."

"Anandiuza choncho. Lendi salephera."

"Ndiye akugogodayo ndi mphaka?"

Bamboyo anayang'ana loko uja ngati akumuona koyamba. Sanali wa nyumbayo. Anachita kukhomerapo, pamwamba pa kiyi wa chitseko, ndi zitsulo zochindikala.

Wailesi anabwerera pang'onopang'ono, atazindikira kuti si za mizukwa. "Asisi, lamulo lachinayi. Osalowerera za m'mabanja mwa eni dziko. Nyumba ya mwini saotchera mbewa. Adzatikweza ndege tonse awiri."

"Tenga foni utsike. Muno mulibe netiweki. Imbira Amayi Aakulu, ukatero apolisi."

"Ndikusiye wekha? Ndiye malamulo awiri tsiku limodzi."

"Iwe ndiye wa pakamwa. Ine ndikaimba adzayesa ndikuitanitsa buledi. Pita."

Wailesi anamuyang'ana, n'kutsika akudumpha masitepe awiriawiri.

Kalembera anayandikitsa pakamwa pa mng'alu wa chitseko cha 15. "Muli m'katimo, titsegule?"

Panapita kanthawi. Kenako, go.

Kalembera anatambasulira dzanja Bambo a Makiyi. Bamboyo anapukusa mutu. "Ine ndili ndi ana, ntchito ndi imeneyi." Anatulutsa hamala m'thumba, n'kuiika pansi, n'kutembenukira kukhoma. "Maso anganso akalamba. Zambiri sindiziona."

Kalembera anali asanagwirepo hamala yolemera choncho. Kumenya koyamba anaphonya n'kuswa penti. Nyale inazima kawiri akumenyabe, ndipo kawiri konseko bamboyo anaidina osatembenuka. Thabwa la mphuthu linang'ambika, chitsulo n'kulendewera ndi loko wake. Pamenepo kiyi mmodzi anagwa pansi pafupi ndi phazi lake.

"Thumba langa ndi lobooka," bamboyo anauza khoma.

M'chipindamo munali mwaukhondo moopsa. Pansi pankanyezimira. Mawindo anawapaka penti yoyera n'kuwakhomera misomali. Pakona, pansi, panakhala mkazi wa msinkhu wa Kalembera yemweyo, woonda, tsitsi lometedwa mosalingana, atavala malaya aamuna. M'dzanja anali ndi chipande chamtengo. Pakhoma pafupi ndi bondo lake panali dzenje losalala, lolowa chibakera cha mwana.

Sanadzuke, sanalire. Ankayang'ana pakamwa pa Kalembera.

"Musaope. Ndine amene ndimawerenga," Kalembera anatero m'chilankhulo cha eni dziko.

Nkhope ya mkaziyo sinasinthe. Kalembera anayesa chilankhulo cha kwawo. Chimodzimodzi. Kalembera atasiya kulankhula, mkaziyo anakweza chipande n'kumenya m'dzenje muja kamodzi. Apo m'pamene Kalembera anazindikira kuti funso lake la pachitseko silinayankhidwe n'komwe. Mkaziyo ankangogogoda mawu akasiya.

Apolisi anabwera, kenako Amayi Aakulu ali wefuwefu ndi masitepe. Mwamuna wa malole anamugwira madzulo akutsika basi. Panapita masiku atatu asanapeze womasulira, mayi wina wogulitsa nsalu pamsika, ndipo nkhani inatuluka yaifupi. Mwamuna uja anamubweretsa mkaziyo kuchokera kutali zaka zitatu zapitazo, atamulonjeza ntchito. Mwamunayo anatenga mapepala ake, n'kumuuza kuti akadzangomveka mawu, apolisi adzamutsekera koipa kuposa muno. Mkaziyo ankamva atsikana akulankhula pakhonde, nkhalamba ikugogoda, mawu n'kupitirira. Nkhalamba itasiya, atsikana anayamba kuchoka msanga. Sabata yachinayi anatenga chipande. Masabata ankawawerenga ndi mawu amenewo. Pa zonse zimene zinawerengedwa pakhomopo sanamvepo liwu ngakhale limodzi.

Lolemba Amayi Aakulu anatsegula buku la dera, n'kudula dzina la agogo ndi mzere umodzi wofiira.

"Atsikana asanu ndi mmodzi, zaka ziwiri, kuwerengera khoma," anatero. "Palibe ndi mmodzi yemwe anaganiza zotsikira pansi kukafunsa. Inenso ndinkasainira tsambali." Anavula magalasi. "Malamulo mwaswa awiri, ndi mphuthu ya eni ake. Mbale za nyumba ino mutsuka inu mwezi wathunthu."

"Ine ndinangoimba foni, Amayi," Wailesi anatero.

"Ndiye uzitsuka ukuimba."

Kalembera analembera amayi ake kalata yaifupi kuposa zonse. "Agogo aja anamwalira kale ndisanabwere. Azimayi asasiye kupemphera, angosintha munthu. Ndi mkazi, dzina lake sinditha kulitchula bwino."

Malo ku nyumba yosungira amayi ovutika anali asanapezeke, ndiye mkaziyo anagona pamishoni, m'kachipinda ka alendo. Ankadya pang'ono, ankakolopa pamene pakolopedwa kale, ndipo chipande sankachisiya. Chitseko chikakhala chotsegula ankachiyang'ana ngati galu wachilendo.

Lachinayi m'mawa, Kalembera akutsuka makapu, anamva wina ataima kumbuyo kwake. Mkaziyo analoza wotchi ya pakhoma, kenako Baibulo limene linali pashelefu. Kalembera anapukuta manja, n'kukoka mipando iwiri patebulo. Koma mkaziyo sanakhale. Analowa m'kachipinda kake n'kutseka chitseko.

"Ndiye chiyaninso?" Wailesi anafunsa.

Kalembera anatenga Baibulo n'kukaima pakhonde, kutsogolo kwa chitseko chotsekacho. Ankadziwa tsopano kuti akanatha kuwerenga ngakhale malangizo a pa paketi ya sopo, zikanakhala chimodzimodzi. Anatsegulabe pamene anasiyira sabata yatha. Anawerenga ndime imodzi n'kuima.

Go.

Anawerenga ina. Go. Anawerenga yachitatu, yaitali, lilime likupunthwa monga mwa masiku onse, n'kuima. M'katimo munali zii. Wailesi anasiya kupukuta kapu. Mpopi wa kukhitchini unkadontha.

Go. Go.

Kalembera anatseka Baibulo. Chogwirira cha chitseko chinatsika pang'onopang'ono kuchokera m'kati, n'kubwerera, n'kutsikanso, ngati mwini dzanjalo akuchiyesa. Chitseko chinatseguka. Mkaziyo anawadutsa osawayang'ana, n'kukaika chipande m'beseni la mbale zakuda.

Kalembera anatenga buku la dera. Pansi pa mzere wofiira uja analemba deti, n'kuwonjezera kuti: "Wagogoda kawiri. Watsegula yekha."